Chotsekera chikhale pafupi tisanaboole

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yamchere, ndipo lilibe chitsime ngakhale chimodzi chotulutsa mafuta. Mafuta a dizilo amatifika m'paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam, ena amabwera pa malole. Ndiye wina ku Matero kapena ku Chawama angafunse kuti nkhani ya chitsime cha mafuta chimene chinaphulika pansi pa nyanja ku America m'chaka cha 2010 ikutikhudza pati. Ikutikhudza kamba kakuti imaonetsa poyera zimene zimachitika anthu akaboola nthaka asanakonze chotsekera. Ife sitiboola pansi pa nyanja, koma timaboola mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo kuboolako tsopano kwafika ku Rufunsa, m'chigawo chathu chomwe cha Lusaka, kumene kuli ufumu wa Shikabeta.

Tiyambe ndi zimene zinachitika kunyanjako. Usiku wa pa 20 Epulo 2010, chombo chokumbira mafuta chotchedwa Deepwater Horizon chinaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico, makilomita pafupifupi 66 kuchokera ku gombe la Louisiana. Anthu 11 anafa. Chombocho chinayaka masiku awiri, kenaka chinamira pa 22 Epulo. Chitsimecho, dzina lake Macondo, chinali m'manja mwa kampani ya BP, ndipo kukamwa kwake kunali mamita pafupifupi 1,500 pansi pa madzi. Kumeneko kuli mdima wokhawokha, kumazizira kwambiri, ndipo madzi amapanikiza moti munthu sangatsikeko. Ntchito yonse inkagwiridwa ndi maloboti, oyendetsa ake ali m'zombo pamwamba akuyang'ana pa sikirini.

Pakamwa pa chitsimecho panali chichitsulo cholemera matani mazanamazana chotchedwa blowout preventer. Ntchito yake ndi imodzi chabe: zinthu zikavuta, mipeni yake yachitsulo idule paipi n'kutseka chitsime. Tsikulo paipi inali itapindika mkati, mipeniyo sinathe kuidula bwino, ndipo mafuta anayamba kuthovokera m'nyanja usana ndi usiku. Kampani yonse inali itaika chikhulupiriro chake pa chitseko chimodzi chimenechi. Chitakanika, panalibe china chimene chinali chokonzeka.

Zimene zinatsatira ndi masiku 87 oyesa ichi ndi icho. Poyamba anatuma maloboti kuti akatseke chichitsulo chija, koma chinakana. Kuchiyambi kwa Meyi anatsitsa chibokosi chachitsulo chachikulu ngati nyumba kuti chivundikire pamene pankatuluka mafuta, n'kumawakokera pamwamba. Gasi atakumana ndi madzi ozizira aja anaundana ngati ayezi, n'kutseka pakamwa pa chibokosicho, ndipo anachichotsa. Kenaka analowetsa kapaipi kakang'ono m'paipi yothyoka ija, koma kankakoka mafuta ochepa chabe. Kumapeto kwa Meyi anayesa njira imene anaitcha top kill, yopopera matope olemera m'chitsime kuti akankhire mafuta pansi. Anaponyamo ngakhale mipira ya gofu ndi zidutswa za labala kuti zikatseke mipata. Atayesa masiku atatu anagonja, pakuti matopewo ankangolavulidwa pamodzi ndi mafuta. Mu Juni anadula paipi n'kuvundikirapo chisoti china, chimene chinkagwirako mafuta ena koma ambiri ankapitabe m'nyanja. Pamwamba pa madzi ankatentha mafutawo, kuwatchinga ndi zoyandama, ndiponso kuthira malita pafupifupi 7 miliyoni a mankhwala omwaza mafuta, amene mpaka lero anthu amakangana ngati anathandiza kapena anawonjezera poizoni.

Nzeru sizinasowe ayi. Anthu a m'maiko osiyanasiyana anatumiza maganizo oposa 120,000. Ometa tsitsi anasonkhanitsa tsitsi loti liziyamwa mafuta. Katswiri wa mafilimu Kevin Costner anabweretsa makina olekanitsa mafuta ndi madzi. Ena anati aphulitse bomba la nyukiliya pansi, monga mmene Soviet Union inachitira pa chitsime cha gasi ku Uzbekistan mu 1966, koma boma la America linakana. Mwa maganizo onsewa, amene anagwiritsidwa ntchito anali ochepa kwambiri. Ambiri mwa anthuwo sanali opusa. Vuto linali lakuti ganizo latsopano limafuna nthawi yoliyesa, ndipo nthawi ndiyo inali kusowa. Palibe injiniya amene angayese chinthu chosadziwika pa chitsime chimene akaphonya pang'ono chingang'ambike pansi n'kuyamba kutulutsira mafuta malo khumi m'malo mwa amodzi.

Chochititsa manyazi n'chakuti zambiri mwa njirazi sizinali zatsopano. Mu 1979, chitsime cha Ixtoc I ku Mexico chinaphulika m'nyanja yomweyo, pa madzi akuya mamita 50 chabe. Anayesa chisoti, anayesa kuponyamo mipira yachitsulo, ndipo chinatenga miyezi pafupifupi 10 kuti chitsekedwe. Patapita zaka 31, makampani anali ataphunzira kuboola mozama kuwirikiza ka 30, koma luso lotsekera linali pomwe paja. Ndalama zinapita ku kuboola, pakuti kuboola ndiko kumabweretsa phindu. Pepala la BP lofotokoza zimene idzachita pakagwa ngozi linatchula za kuteteza walrus, nyama ya kumadzi oundana imene ku Gulf of Mexico kulibe, ndipo mmodzi mwa akatswiri oti adzaimbiridwe foni anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Pepalalo linali longokopera, ndipo a boma analivomereza.

Chimene chinatseka chitsimecho pa 15 Julayi ndi chitseko china chachitsulo chotchedwa capping stack, chimene anachita kupanga mafuta ali mkati motayika. Kenaka anathiramo matope ndi simenti, ndipo chitsime china chimene anayamba kuboola cham'mbali kuchiyambi kwa Meyi chinakumana ndi choyambacho pansi penipeni. Pa 19 Sepitembala 2010 ndi pamene analengeza kuti Macondo yafa. Boma la America linati panatuluka migolo 4.9 miliyoni, mgolo uliwonse malita 159. Chitseko chija chikanakhala chitapangidwa kale n'kuikidwa padoko, mbali yaikulu ya mafutawo sikanafika m'madzi.

Pali phunziro lachiwiri, la manambala. Masiku oyamba kunanenedwa kuti pakutuluka migolo 1,000 patsiku, kenaka anati 5,000. Pambuyo pake zinadziwika kuti inali pafupifupi 60,000. Kuchepetsa nambala kunali ndi phindu kwa kampani, chifukwa chindapusa ku America chimawerengedwa pa mgolo uliwonse, ndipo mu 2012 BP inavomera mlandu wosocheretsa nyumba ya malamulo pa nkhani ya kuchuluka kwa mafutawo. Koma nambala yabodza imasocheretsanso ofuna kutseka. Matope amene angagonjetse migolo 5,000 sangagonjetse migolo 60,000. Zoona zinayamba kutuluka kanema wa pansi pa nyanja ataikidwa poyera, akatswiri a m'mayunivesite n'kuyamba kudziwerengera okha.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti zimenezi tinaziona ndi maso athu. Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi ndi zitsulo zapoizoni analowa mu mtsinje wa Mwambashi, n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa mtunda wa makilomita 100 kumunsi, minda ya chimanga ndi nshawa inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Kafue yemweyo ndiye amene amapopedwa kubwera m'mapompi ambiri a Lusaka. Ndege za asilikali zinayamba kuthira laimu mumtsinje kuti asidi achepe mphamvu, mabwato nawonso akuthira. Anthu amene anagwira ntchito imeneyo tiwayamike. Komabe kuthira laimu kuchokera m'ndege n'chimodzimodzi kuponya mipira ya gofu m'chitsime. Ndi zimene munthu amachita akapeza kuti chotsekera chenicheni sanakonze.

Mkangano wa manambala nawonso unabwera monga ku America. Poyamba tinauzidwa za malita 50 miliyoni. Kampani ya ku South Africa yotchedwa Drizit, imene inalembedwa ntchito yofufuza, inati zinyalala zimene zinatayika zinaposa matani 1.5 miliyoni, ndipo Sino-Metals inatsutsa n'kuthetsa mgwirizano wawo. Mu Ogasiti 2025 ofesi ya kazembe wa America inachotsa antchito ake m'dera la Kitwe, boma lathu likunena kuti madzi ali bwino. Mayi wa ku Chambishi amene akufuna kudziwa ngati angamwetse mwana wake madzi a pachitsime anasiyidwa pakati, osadziwa womukhulupirira. Ndipo sikunali koyamba. Mu 2006 zinyalala za Konkola Copper Mines zinaipitsa Kafue ku Chingola. Anthu a m'midzi ya kumeneko anachita kukafika ku khoti lalikulu la ku London, limene mu 2019 linawalola kuimba mlandu kampani ya Vedanta, ndipo anagwirizana za chipukuta misozi mu 2021. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi limene ana amaseweramo. Akuluakulu ananena kale kuti madzi akatayika saoleka.

Ngati zinthu zinavuta chonchi ku Copperbelt, kumene kuli misewu ya tala, mainjiniya, zipatala za migodi ndi bwalo la ndege, tiganizire za Shikabeta. Boma la Rufunsa lili pa Great East Road, makilomita opitirira 150 kuchokera mu Lusaka, ndipo kuti munthu afike kwa Shikabeta amasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa m'mapiri, kulowera ku chigwa cha Lunsemfwa. Anthu kumeneko amamwa madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime, amapha nsomba, amamwetsa mbuzi, amathirira madimba. Palibe pompi imene kampani ya madzi ingatseke kuti iwateteze. Nyengo ya mvula, imene ndiyo nyengo yogumuka madamu, ndi nyengo yomweyo imene lole yonyamula laimu ingatitimire panjira. Ndipo chimene chalowa mu Lunsemfwa chimatsikira mu Luangwa, kuchoka apo mu Zambezi, mpaka ku nyanja ya Cahora Bassa kwa abale athu a ku Tete. Kwa dera lotere, kutalika kwa msewu kuli ngati kuya kwa nyanja kuja: thandizo limafika mochedwa, ndipo zimene zikuchitika palibe akuziona.

Ku Rufunsa anthu akukumba golide, ndipo ena mwa okumbawo ndi anzathu a m'makomboni amene atopa n'kufunafuna ntchito m'tauni. Kukumba kwa makasu ndi mabeseni kulibe damu lalikulu loti ligumuke tsiku limodzi. Kutayikira kwake ndi kwapang'onopang'ono. Okumba golide ang'onoang'ono ambiri mu Africa amagwiritsa ntchito mercury pogwira tizidutswa ta golide, kenaka amamutentha kuti golide atsale. Utsi wake umalowa m'mapapo a wotenthayo, wotsala amapita m'madzi, amalowa m'nsomba, ndipo amawononga ubongo makamaka wa mwana amene ali m'mimba. Macondo inatsekeka patapita masiku 87. Mercury akakhazikika m'matope a pansi pa mtsinje amakhala zaka makumimakumi, ndipo palibe chitseko chimene chingamubweze. Zambia inalowa m'pangano la Minamata lochepetsa mercury mu 2016, koma pangano limagwira ntchito pokhapo pamene wina wafika pamtsinje ndi botolo n'kupima madzi. Pamsewu waukulu napo, malole a mafuta amatsika mapiri a Manenekela tsiku ndi tsiku, ndipo imodzi ikagubuduka mafuta ake amatsata madzi a mvula kupita kumtsinje.

Tikudziwa yankho limene ena apereke. Adzati inu a m'tauni muli ndi foni ndi magetsi opangidwa ndi kopa yemweyo, ndiye mukufuna kuti anthu akumudzi akhale osauka kuti mitsinje ikhale yokongola pa Facebook. Adzati walira mvula walira matope. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo sitikuipeputsa. Kopa amabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zakunja za dziko lino, ndipo boma likufuna kuti pofika 2031 tizikumba matani 3 miliyoni pachaka. Mnyamata amene wapeza golide wa ndalama zolipirira mlongo wake ku koleji sangamvere munthu womuuza kuti asiye popanda kumupatsa china. Ife sitikunena kuti migodi itsekedwe.

Ngakhale ku America sanasiye kuboola. Anaimitsa kwa miyezi ingapo, kenaka analamula kuti aliyense wofuna chilolezo choboola m'madzi akuya ayambe waonetsa kuti ali ndi chotsekera. Makampani anayi, ExxonMobil, Chevron, ConocoPhillips ndi Shell, anasonkha madola 1 biliyoni kuti zipangizozo zizikhala zokonzeka. Lero chitseko chamtundu umenewo chikudikira padoko la Saldanha Bay ku South Africa, ndipo mwina sichidzagwira ntchito n'kamodzi komwe. Ndalama imeneyo ikuoneka yambiri mpaka munthu atamva kuti ngoziyo inadyera BP madola oposa 60 biliyoni. BP inali nazo ndalama zolipira, ndipo inali pamaso pa boma lamphamvu lotha kuikakamiza. Kakampani kamene kangabwere kwa Shikabeta kangathe kungotseka ofesi n'kusowa, matope n'kutsalira mfumu ndi anthu ake. N'chifukwa chake kwa ife kukonzekera kuli kofunika kuposa kwa iwo.

Choncho tikupempha zinthu zinayi, ndipo zonse zichitike chilolezo chisanaperekedwe.

Choyamba, chotsekera chioneke ndi maso. Mgodi uliwonse wosunga madzi a asidi kapena a mankhwala ukhale ndi damu lachiwiri kumunsi logwira zotayika, laimu wosungidwa pamalopo, mapampu ndi jenereta. A ZEMA, bungwe limene lamulo la 2011 linalipatsa udindo woteteza chilengedwe, afike adzaziwerenge okha pamodzi ndi nthumwi za mfumu. Pepala lolembedwa bwino si umboni. Tikumbukire walrus uja.

Chachiwiri, ndalama zokonzera zowonongeka ziikidwe padera zisanachitike. Thumba lake lilipo kale m'malamulo a migodi, la Environmental Protection Fund. Tifunika kudziwa kuti kampani iliyonse yaikamo zingati, ndiponso ngati zingakwanire kuyeretsa mtsinje weniweni.

Chachitatu, opima madzi asakhale olipidwa ndi mwini mgodi. Madzi a Lunsemfwa ndi timitsinje take apimidwe tsopano, zinthu zisanasinthe, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti poizoniyo analimo kale. Tili ndi WARMA yoyang'anira madzi, tili ndi ophunzira a sayansi ku UNZA ndi ku Copperbelt University amene akusowa pophunzirira ntchito. Zotsatira zake zimatidwe pa sukulu ndi pa kiliniki, m'chilankhulo chimene anthu amalankhula.

Chachinayi, anthu akumunsi adziwe amene adzawachenjeze. Damu likagumuka usiku, ndani adzaimbira nduna ya mudzi wotsatira, nanga kumene netiweki siifika uthenga udzayenda bwanji, ndipo madzi akumwa a sabata yoyamba adzachokera kuti? Mafunso amenewa ndi otsika mtengo kuwayankha lero. Kwa okumba ang'onoang'ono, boma limene likuwalimbikitsa kupanga makopaletivu ndi kutenga ziphaso liwaphunzitsenso njira zotsukira golide popanda mercury, ndipo liwathandize kupeza zipangizo zake.

Mbali yathu ife achinyamata a m'tauni ndi yotani? Timakonda kunena kuti tili ndi nzeru, ndipo tili nazodi. Tsoka likagwa, WhatsApp imadzaza ndi maganizo, aliyense wasanduka injiniya, monga anthu 120,000 aja. Nzeru zomwezo zili ndi phindu lalikulu zikabwera msanga. Kampani isanayambe mgodi waukulu imalemba lipoti la mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe, ndipo ZEMA imaitana anthu kuti apereke ndemanga. Malipoti amenewa ndi aatali, ali m'Chingelezi chovuta, ndipo agogo athu kumudzi sadzawawerenga. Ife tili ndi mabando, tinapita kusukulu, ndipo maofesi ake ali mu Lusaka momwe muno. Tingawawerenge, n'kufufuza tsamba limene likunena za ngozi, n'kuona ngati likutchula mitsinje yeniyeni ya kumaloko ndi midzi yeniyeni ya kumunsi. Tingawamasulire kwa amalume ndi azakhali tikapita kumudzi kapena pa foni. Kuchokera mu Disembala 2023 tili ndi lamulo lotipatsa ufulu wopempha chidziwitso ku maofesi a boma, ndipo lamulo losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri. Safunsa anadya phula.

Wina asanene kuti mawu a anthu wamba sapita patali. Mgodi wa kopa wa Kangaluwi, umene unkafuna kutsegulidwa mkati mwa Lower Zambezi National Park, kufupi ndi Rufunsa komweko, unali ndi chilolezo ndipo makina anali atayamba kulambula misewu. Anthu anakana kwa zaka zambiri, m'makhoti, m'manyuzipepala ndi pa intaneti. Mu Meyi 2023 ZEMA inaimitsa ntchitoyo chifukwa kampani sinatsate zimene inalamulidwa, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho chilolezocho chinafafanizidwa. Pamenepo panali njovu ndi alendo odzaona nyama, ndiye dziko lonse linali kuyang'ana. Kwa Shikabeta kulibe malo ogona azungu otchuka, kuli anthu chabe ndi mtsinje wawo, ndipo oti awayang'anire ndife ana awo ndi adzukulu awo amene tili m'tauni.

Khansala kapena phungu akabwera kudzatiuza za ntchito zimene mgodi watsopano udzabweretse, timuombere m'manja, pakuti ntchito tikuzifuna. Tikatero timufunse modekha kuti damulo likagumuka mu Febuluwale, mvula ili pakati, laimu adzakhala ali kuti, adzamunyamula ndani, ndipo ndalama zake zili m'buku liti. Akayankha bwino, aboole. Akayamba kuyang'ana kumwamba, adikire kaye mpaka yankho lipezeke.